Tsiku Limene Ndinagwira Chipanda Kumalata

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga kufikira imvi zino, nandisiyira maso oti ndione pepala ndi dzanja loti ligwire cholembera. Ndimthokoza chifukwa cha mpweya umene ndikupuma, chifukwa cha ana ndi adzukulu, ndiponso chifukwa cha malo ena amene kale sindikanayerekeza kuwatchula m'pemphero. Malowo ndi nyumba yakale ya mowa imene inali kuseri kwa msika wa Namitambo. Ine mowa sindinaumwepo, ndipo kufikira lero sindiuyamikira. Koma zimene ndinaona kumeneko ndiyenera kuzinena monga zinalili, pakuti mboni yobisa mbali ina ya nkhani idzayankha mlandu tsiku lomaliza.

Nyumbayo inalibe chikwangwani. Anthu ankangoti Kumalata, chifukwa inali nyumba yoyamba kufoleredwa ndi malata mbali imeneyo. Pamene ine ndinkaidziwa, malatawo anali atachita dzimbiri, atapanikizidwa ndi miyala ndi mkombero wa njinga kuti asauluke ndi mphepo. Pansi panali padothi. Mipando inali matabwa a bulugamu oikidwa pa njerwa, osalala chifukwa cha mathalauzi a anthu amene anakhalapo zaka zambiri. Fungo la masese linkakupeza usanakhote njira. Ife amayi a mpingo tikamadutsa pamenepo tinkafulumiza mapazi, maso titaloza kwina.

Mwini malowo anali mayi wokalamba wa Chilomwe, wamfupi, wa mawu aakulu ngati mwamuna. Ankafulula yekha masese kuseri kwa nyumbayo, ndipo sankagulitsa china chilichonse.

Titavota zipani zambiri, malo omwera anachuluka pa Namitambo. Kunabwera mabala opaka penti, okhala ndi furiji, wailesi ya kaseti yolira tsiku lonse, ena mpaka kanema. Anyamata onse anathamangira kumeneko. Kumalata kunatsala amuna aakulu okhaokha, ndipo mmodzi mwa iwo anali achimwene anga.

Achimwenewa anali mwamuna yekhayo m'mimba mwa mayi athu, ndiye kuti mwini mbumba yathu ndi amalume a ana anga. Anagwira ntchito yonyamula matumba ku Limbe, nakwatira ku Mpama. Ukwati utatha anabwerera kumudzi ndi kachikwama kamodzi ndi chifuwa chosatha. Ndinawakonzera nyumba imene anasiya malemu mayi athu. Chifuwacho chitafika potulutsa magazi ndinawakweza panjinga ya mnansi kupita nawo kuchipatala, ndipo kumeneko anati ndi chifuwa chachikulu.

Atagonekedwa kwa kanthawi anawatulutsa. Anamwino anandiitanira pambali nandiuza mosabisa. Mankhwalawa ndi a miyezi yambiri, tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Akasiyira panjira matenda adzabwerera ali olusa, osamvanso mankhwala, ndipo pamenepo mudzangokonza zamaliro. Pakhale munthu woona ndi maso ake kuti ameza. Asamwe mowa, ndipo akhale ndi kapu yawoyawo. Ndinavomera kuti woonayo ndikhala ine. Pobwerera, ndili pambuyo pa njinga, ndinauza Mulungu kuti munthu ameneyu sindimuika m'manda chifukwa cha ulesi wanga.

Masiku oyamba zinkaoneka ngati zikuyenda. Ndinkawapatsa mankhwala, iwo n'kuponya m'kamwa, n'kumwera madzi, n'kutuluka. Koma tsiku lina ndikupalira mbatata kuseri kwa nyumba yawo ndinapeza timibulu ta mankhwala titamwazika mumzere, tina titasungunuka ndi mame. Ankatisunga kutsaya n'kukalavula. Ndinatola timene ndinatha kutola, ndinawapeza atakhala pakhonde akumanga nsapato.

"Achimwene, izi n'chiyani?"

Anayang'ana m'dzanja langa osachita manyazi.

"Chemwali, mankhwala akowo amadana ndi mowa. Wamva wekha kuchipatala."

"Ndiye musiye mowawo."

"Iwe sudziwa kanthu. Ukuganiza kuti ine ndimapitira kuledzera kumene kuja? Kuledzera ndikhoza kuledzera paliponse."

Ndipo anandifotokozera zimene sindinkadziwa. Kumalata munthu sagula mowa wake yekha. Amene ali nako kangachepe tsikulo ndiye amaitanitsa, mowa n'kubwera m'chipanda chimodzi chachikulu. Mwini malo amayamba walawa pamaso pa onse, kusonyeza kuti mulibe choipa. Kenaka chipandacho chimayenda dzanja ndi dzanja, kuyambira kwa wamkulu, osabwerera m'mbuyo ndiponso osadumpha munthu. Palibe amene amalanda chipanda m'manja mwa mnzake, ndipo mwini malo satunga china choyambacho chisanabwerere chopanda kanthu. Nthawi imodzi yokha imene chipanda chimadumpha malo a munthu ndi pamene munthuyo wamwalira.

"Tsono iwe ukufuna ndikakhale pamenepo chipanda chizindidutsa pamphuno," anatero. "Mkazi anandithamangitsa, ntchito inandithera, ana ali kwa amayi awo. Kwatsala kumene kuja kokha kumene amandiwerengera kuti ndine munthu. Ukufuna ndikhale maliro oyenda?"

Ananyamuka napita. Ine ndinalowa m'nyumba ndi kugwada. Sindinapemphe kuti Kumalata kupse ndi moto, ngakhale mawuwo anafika pamlomo. Ndinakumbukira kuti mbusa akataya nkhosa sakhala pakhola n'kumaitana. Amapita kuminga kumene nkhosayo yakodwa. Ndinadzuka, ndinamanga mankhwala pa ngodya ya chitenje, ndinawatsatira.

Nthawi imeneyo dzuwa linali litakwera, amuna ataweruka kumunda. Ndinaima pakhomo ndi kunena kuti odi. Phokoso lonse linazima. Maso anga atazolowera mdima wa m'katimo ndinaona amuna atakhala mozungulira, achimwene ali pakati pawo. Woyamba kulankhula anali bambo wina wokhoma zidebe pamsika, wa diso limodzi, amene pakamwa pake sipankatsekeka.

"Ee, abale, lapani msanga! Mpingo watipeza. Mayi, mwabwera ndi madzi obatizira, kapena tigwiritse ntchito omwe alipowa?"

Anthu anaseka. Mwini malo anatulukira kuseri akupukuta manja.

"Tseka pakamwa iwe, ukudontha ngati zidebe zako zomwe." Anandipatsa moni m'Chilomwe, ine n'kuyankha m'Chilomwe chomwecho, pakuti agogo athu tonse anachokera tsidya limodzi. Anandikokera kampando pafupi ndi khomo. "Nenani, mwana wanga. Munthu wovala ngati inu safika pano popanda chifukwa."

Ndinanena zonse pamaso pa onse, za magazi, za mankhwala a mumbatata, za zimene ananena anamwino. Achimwene anazolika mutu. Ndinadziwa kuti ndawavula pagulu, koma ndinasankha kuti andikwiyire ali moyo.

Pakona panali mkulu wina amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, ndipo ndiye ankayamba kulandira chipanda. Anapukusa fodya m'dzanja, kenaka anati:

"Nkhani imeneyi si yachilendo pano. Kale tinali ndi mnzathu amene anatupa pakhosi, osatha kumeza. Kodi tinamdumpha? Tinkamupatsa chipanda, iye n'kuchigwira ndi manja awiri, n'kuchinunkhiza, n'kupatsira mnzake. Anatero mpaka tsiku limene tinakamuika. Ameneyunso azitero."

Mwini malo anavomera, nawonjezapo zake. Anati azipatula thobwa lisanasanduke mowa, n'kumawathirira achimwene m'kapu yachitsulo imene anaikhomera msomali pachipupa. Chipanda choyamba chikafika kwa iwo, ayambe ameza mankhwala ndi thobwalo, kenaka alandire chipanda, agwire, apatsire wina. Anatinso matabwa atulutsidwe pakhonde pamene pamapita mphepo, chifukwa m'katimo chifuwa chingagwire ena.

Tsiku lomwelo tinayamba. Mwini malo analawa mowa, nalawanso thobwa asanalithire m'kapu. Wokhoma zidebe uja anakuwa kuti, "Mankhwalawonso alawe! Pano sichilowa kanthu m'kamwa mwa munthu mayi asanalawe."

"Bwera nawo kuno ndikulawitse iweyo," anayankha mayiyo, "mwina diso linalo lingatseguke."

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. Anameza, natsegula pakamwa kuti ndione, natulutsa lilime monga mwana, amuna onse akuombera m'manja. Kenaka analandira chipanda ndi manja awiri. Ndinaona mmene anachigwirira, mwaulemu, maso atatsinzina, ndipo anachipatsira mnzawo osamwa.

Kuyambira pamenepo ndinkapita Kumalata tsiku lililonse. Mankhwala ndinkasunga ine, pakuti sindinkawakhulupiriranso achimwene. Ndinkakhala pa kampando kanga pafupi ndi khomo mpaka chipanda choyamba chitazungulira, kenaka n'kubwerera kuntchito zanga. Lamulungu ndinkapita ndikatuluka m'tchalitchi, ndipo amunawo ankandidikira, akudandaula kuti abusa athu amatalikitsa ulaliki dala pofuna kuwapha ndi ludzu.

Sindikufuna wina aganize kuti malowo anali oyera. Ndinaona amuna akumwera nandolo amene akanadyetsa ana awo. Ndinaona mayi wina atabereka mwana kumbuyo akudzakoka mwamuna wake, akulira. Ndinamva mawu amene sindingawalembe pano. Mowa ndi mowa, kaya uli m'botolo kaya m'chipanda, ndipo umagwetsa nyumba. Koma ndinaonanso zimene sindinkayembekeza. Kunalibe wailesi, choncho anthu ankamvana polankhula. Aliyense ankadziwa mnzake kuti mkazi wake anamwalira liti, mwendo umamupweteka uti, mwana wake ali kundende pa mlandu wanji. Wina akajomba, chipanda chisanazungulire ankayamba afunsana kuti wamuona ndani, ndipo ngati palibe amene wamuona, madzulo ake wina ankadzera kwawo. Munthu akaledzera kwambiri, mwini malo ankamuuza kuti wakwana, n'kuuza mnzake woyenda naye njira imodzi kuti akamusiye pakhomo. Munthu wopanda kanthu m'thumba ankakhala pamalo pake pomwepo, n'kulandira chipanda chimodzimodzi ndi amene wagula. Kumabala atsopano aja munthu ankadziwika ndi botolo limene lili patsogolo pake, likatha nayenso watha. Kumalata munthu ankadziwika ndi malo ake pathabwa.

Miyezi inapita. Chifuwa chinaleka, thukuta la usiku linatha, masaya a achimwene anadzaza. Anayambanso kugwira khasu. Anzawo ankawaseka kuti mankhwala awafiiritsa mkodzo ngati wa mfumu, iwo n'kumayankha kuti n'chifukwa chake ayenera kupatsidwa ulemu. Ine ndinkathokoza Mulungu, koma ndinkakumbukira mawu a anamwino akuti nthawi yoopsa ndi imene wodwala wayamba kudzimva bwino.

Nthawiyo inafika m'nyengo yothyola nandolo. Linali tsiku la msika, komanso tsiku limene amayi a mpingo timakumana, choncho ndinali nditavala bulauzi yoyera ndi mpango woyera. Ndinaganiza kuti ndidzere Kumalata, ndikawamwetse, kenaka ndipitirire kutchalitchi. Nditafika ndinapeza malo awo pathabwa ali opanda munthu. Amunawo ankapewa maso anga. Wokhoma zidebe ndiye analoza ndi mlomo cha kumsewu.

Achimwene ndinawapeza m'bala lina lopaka penti yobiriwira. Aka kanali koyamba kulowa malo otere. Wailesi inkalira mpaka pansi pankanjenjemera. Wogulitsa anali kuseri kwa zitsulo ngati wandende, akupereka mabotolo pa kabowo. Anthu anali atakhala aliyense kuyang'ana kwake. Achimwene anali pakona okha, botolo lili patebulo, atamwako kale. Anali atagulitsa nandolo m'mawa womwewo.

Ndinayamba ndapita kwa wogulitsa. Ndinamuuza mokuwa, chifukwa cha phokosolo, kuti bambo awo ali pa mankhwala, asawagulitsenso.

"Mayi, ine sindine dokotala," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Akagula amwa."

Ndinagwada pa simenti pafupi ndi achimwene, ndinamasula chitenje, ndinatambasula dzanja.

"Ndachira, chemwali. Undione. Kodi munthu wodwala amalima ndime yonse ija?"

"Anamwino sananene kuti mwachira."

"Anamwino sakhala m'thupi mwanga. Ndatopa kununkhiza mowa ngati galu pakhomo la khitchini. Pita kumapemphero ako, ukuchedwa."

Ndinawadandaulira, ndinatchula mayi athu, ndinatchula ana anga amene alibe malume wina. Anatembenukira kukhoma. Palibe ndi mmodzi yemwe m'balamo amene anacheuka kuona mayi wovala zoyera atagwada pansi.

Ndinabwerera Kumalata mtima utauma ngati mwala. Ndinawapempha amunawo kuti akawatenge achimwene. Anakana. Mkulu wa ku Joni anati, "Mayi, ife tinachita mbali yathu. Uja ndi munthu wamkulu, wachoka ndi miyendo yake. Pano sitikoka munthu." Ena anavomereza. Mwini malo anapumira m'mwamba, natunga chipanda choyamba, nalawa, napereka.

Ndinakhala pa kampando kanga ndikuyang'ana chipandacho chikuyenda. Chinachoka kwa mkuluyo, chinapita kwa wachiwiri, kwa wachitatu, chikuyandikira mpata umene panali pa achimwene. Tsidya lina la mpatawo kunali wokhoma zidebe, ndipo ndinaona akutambasula manja kuti achilandire podumpha malowo. Pamenepo mawu a achimwene anandibwerera, akuti chipanda chimadumpha malo a munthu amene wamwalira. Sindinaganize kawiri. Ndinanyamuka, ndinakhala pa mpatapo, ndinalandira chipandacho ndi manja awiri.

Chinali cholemera kuposa mmene ndinkaganizira, chonyowa kunja, thovu likusefukira pa zala zanga.

"Mayi," anatero wokhoma zidebe mwaulemu umene sindinamumvepo, "mwagwira, zikomo. Tsopano patsirani kuno."

"Chipanda ichi chafika pa malo a achimwene anga," ndinatero. "Achimwene anga sanamwalire. Sichichoka m'manja mwanga mpaka abwere adzachilandire okha."

"Aa! Ndiye ife timwe chiyani?"

"Mezani malovu."

Wina anati achilande. Mkulu wa ku Joni anamuyang'ana kamodzi kokha, munthuyo n'kukhala pansi. Wina anapempha mwini malo kuti atunge china. Mayiyo anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, kenaka anavundikira mbiya yake ndi lichero n'kukhala pafupi nayo atapinda manja.

"Lamulo munaika ndinu nomwe, ine ndisanamere imvi," anatero. "Choyamba chisanabwerere sinditunga. Lero mwakumana nawo a mpingo."

Tinakhala. Popeza matabwa anali pakhonde, aliyense wopita kumsika ankationa. Anthu anayamba kuima. Ndinaona amayi awiri a mpingo wathu, ovala zoyera ngati ine, ataima panjira, mmodzi atagwira pakamwa. Ndinadziwa kuti nkhaniyi ifika kwa akulu a mpingo dzuwa lisanapendeke. Thovu linatsika, ntchentche zinayamba kutera m'mphepete mwa chipanda, mikono inayamba kuwawa. Sindinafune kuchitsamiritsa pamiyendo, kuopa kuti anganene kuti ndachitula. Mumtima ndinkangoti, Ambuye, Inu amene munalimbitsa manja a atumiki anu akale pamene anatopa, limbitsani anganso.

Wokhoma zidebe anayesa njira zonse. Anati adzandikhomera chidebe chaulere. Anati adzabwera kutchalitchi Lamulungu, adzakhala kutsogolo. Anati mowa ukasasa tchimo lake likhala pa ine.

"Ndilisenza," ndinayankha.

"Abale, mayi awa ndi ouma mutu kuposa mlongo wawo!"

Pomaliza mkulu wa ku Joni anagwira ndodo yake nanyamuka pang'onopang'ono. Anavala chipewa. "Tiyeni tikamtenge," anatero. "Tikapanda kutero tifa ndi ludzu pamaso pa mowa." Onse ananyamuka namutsatira, ena akung'ung'udza, ena akuseka. Tinatsala awiri, ine ndi mwini malo. Mayiyo anabwera nandipukuta thukuta pamphumi ndi nsonga ya chitenje chake, koma chipandacho sanachikhudze.

Zimene zinachitika kubala ndinazimva pambuyo pake. Akuti analowa onse, nazungulira tebulo la achimwene, osagula kanthu. Wogulitsa atawauza kuti osagula atuluke, wokhoma zidebe anati abwera kudzatenga katundu wawo amene wasochera. Mkulu uja anavula chipewa nati, "Mowa wathu ukusasa chifukwa cha iwe. Mlongo wako wakhala pamalo pako, wagwira chipanda atavala zoyera za kutchalitchi, msika wonse ukumuonerera." Achimwene anati limenelo ndi bodza, chemwali wawo sangakhudze chipanda ngakhale atamuloza ndi mfuti. Anawauza kuti abwere adzaone okha.

Ndinawaona akutulukira pa ngodya ya msika, achimwene patsogolo, gulu lonse pambuyo. Atafika pakhonde anaima. Anayang'ana chipanda, anayang'ana bulauzi yanga imene inali itathimbirira ndi masese, anayang'ananso anthu amene anaima panjira.

"Chemwali, wachita chiyani? Akudula kumpingo."

"Akandidula adzandibwezera. Inu mukapita ndani adzakubwezeni?"

Ndinasendera, iwo anakhala pamalo pawo. Mwini malo anatsitsa kapu pamsomali nathira thobwa, ndipo popeza manja anga anali ogwira, ndiye amene anamasula mankhwala pa chitenje changa. Achimwene anameza, natsegula pakamwa kuti ndione. Pamenepo ndinawapatsa chipanda. Zala zanga zinali zitauma, moti anachita kuzitambasula okha. Anachigwira kanthawi, napatsira wokhoma zidebe, amene anamwa mosapumira, kenaka n'kunena kuti mowa wogwiridwa ndi a mpingo ukukoma mwapadera, mwina mayi azibwera kudzaugwira tsiku lililonse.

Akulu a mpingo anandiitana sabata yomweyo. Sindiwaimba mlandu, pakuti anali ndi nkhosa zambiri zoti aziyang'anire, ndipo zimene anthu anaona ndi maso zinali zoona. Ndinawafotokozera zonse. Anandifunsa ngati ndingalonjeze kuti sindidzapondanso Kumalata. Ndinati ndilonjeza tsiku limene anamwino adzanene kuti mankhwala atha, koma lisanafike tsikulo sindinganame pamaso pa Mulungu. Anandiimika kudya mgonero kufikira nthawiyo.

Lamulungu la mgonero ndinakhala kumbuyo. Ndinaona chikho chikuyenda mzere ndi mzere, dzanja ndi dzanja, ndipo chitafika pamene ndinakhala chinandidutsa. Ndinalira mwakachetechete. Sindikuyerekeza chikho cha Ambuye ndi chipanda cha masese, Mulungu andikhululukire ngati wina angamve choncho. Koma tsiku limenelo ndinadziwa m'thupi mwanga chimene achimwene ankaopa. Titatuluka ndinapukuta misozi, ndinamanga mankhwala pa chitenje, ndinapita Kumalata.

Achimwene sanathawenso. Masiku ena ankanyinyirika, koma akangoyamba, anzawo ankawazazira kuti, "Meza msanga iwe, asatigwirirenso chipanda mayiwa!" Mvula itagwa, chimanga chili m'mawondo, tinapita kuchipatala kukayezetsa makhololo komaliza. Anamwino atabwera ndi zotsatira anati chifuwa chatheratu, mankhwala asiye. Ndinagwada pakhonde la chipatala pomwepo. Pobwerera tinadzera Kumalata, ndinawathokoza onse mmodzimmodzi, ndinatsanzika, ndipo sindinapondekonso monga ndinalonjezera. Mpingo unandibwezera pa gome la Ambuye.

Ndikanakonda kulemba kuti achimwene anasiyiratu mowa. Sanasiye. Anabwerera ku chipanda chawo, ngakhale sankamwanso ngati kale, ndipo ine ndinapitiriza kulimbana ndi Mulungu chifukwa cha moyo wawo wauzimu kufikira tsiku limene anatisiya, patapita zaka. Za kumene ali sindiweruza ine. Chimene ndikudziwa n'chakuti anakhala ndi moyo mpaka anaimira mwana wanga wamkazi ngati nkhoswe pa chinkhoswe chake, atavala jekete yobwereka, akulankhula mwanzeru moti akuchimuna anagoma. Pamaliro awo, amene anakumba manda anali amuna a Kumalata amene anali atatsala.

Mwini malo atamwalira, adzukulu ake anagwetsa nyumbayo namanga kagolosale. Mabala achuluka kuposa kale, ndipo ndikamadutsa ndimamva mawailesi akupikisana. Kapu yachitsulo ija mayiyo ananditumizira asanamwalire. Ili pamsomali m'nyumba mwanga, ndimamwetsera mankhwala adzukulu akadwala.

Tsono inu amene mwawerenga mawu awa, Mulungu wa chifundo akusungeni, inu ndi a m'nyumba mwanu. Amene mukudwazika matenda aatali, akupatseni manja osatopa ndi nkhope yosachita manyazi. Amene muli ndi m'bale amene wakhala pamalo pamene simukonda, akupatseni miyendo yoti mukafikeko. Ndipo inu amene mukuona ngati onse akudumphani, Ambuye akuutsireni munthu woti akhale pamalo panu ndi kukusungirani mpaka mutabwerera. Mtendere wake ukhale nanu. Amen.